Sabata ya mvula pa fakitale ya tiyi

Mu Januwale fakitale ya tiyi sigona. Mvula ikakhazikika tiyi amaphuka mofulumira, ndipo mathirakitala amatsitsa masamba kuyambira masana mpaka mdima. Ine ntchito yanga pa fakitale ina kuno ku Thyolo ndi kuyendetsa Kaizen, ndondomeko yokonza kagwiridwe ka ntchito pang'onopang'ono yomwe inatchuka ndi kampani ya Toyota ku Japan. Anzanga amangonditchula kuti "a bolodi", chifukwa cha bolodi loyera lomwe timalembapo mavuto a shifiti iliyonse.

Lolemba m'mawa ndinapeza bolodi lili mbee, pomwe aliyense ankadziwa kuti makina odulira masamba anaimaima usiku wonse wa Loweruka. Nkhani imeneyi si yaing'ono. Masamba akangodulidwa amayamba kusintha mtundu, kuchoka kobiriwira kunka kofiirira, ndipo nthawi yake ndi yoyezedwa asanalowe m'choumitsira. Lamba wonyamula masamba akaima, masamba aja amapitirira muyezo, tiyi amatuluka wopanda mphamvu. Ogula a ku okushoni ya ku Limbe amalawa kaye asanatchule mtengo, ndiye sunganamize lilime lawo.

Ndinawatengera pambali akapitawo a shifiti ya usiku.

"A Kapitawo, Loweruka zinatani kodi? Bwanji simunalembe?"

"Achimwene, tikalemba, mawa lake mwana wa eni ake aitanidwa ku ofesi. Ambiriwa ndi aganyu a nyengo ya mvula. Ndani angafune dzina lake pa bolodi?"

Ananena zoona. Bolodi lija linali ndi mpata wolembapo dzina la amene anali pa makina, ndipo anthu ankaliona ngati bwalo la milandu. Lachiwiri ndinakambirana ndi amanijala a fakitale mpaka anavomera kuti mpatawo tiufufute, patsale zitatu zokha: makina ati, nthawi yanji, anaima chifukwa chiyani. Sanavomere mosangalala, poti mabwana ambiri amakhulupirira kuti vuto lililonse lili ndi mwini wake.

Lachitatu bolodi linadzaza, ndipo chifukwa chimodzi chinkabwerezabwereza: masamba onyowa akutseka makina. Apa ndi pomwe tinakhalitsa. Masamba asanadulidwe amayalidwa pa waya m'mizere italiitali, mafani n'kumapemerera mphepo chapansi usiku wonse kuti afote, chinyezi chitsike kufika cha m'ma 70 peresenti. Tinakwera kukaona tokha. Mizere ya pafupi ndi khomo inali itaunjikidwa mopitirira, poti anyamata otsitsa matumba amafuna thirakitala ichoke msanga. Mphepo siinkadutsa, masamba a pakati ankatentha m'manja, pomwe mizere ya kumapeto inali ndi malo.

Mayi wina amene wagwira ntchito yoyala masamba kwa zaka zambiri ndiye anatipatsa nzeru. "Bambo, ingopakani mzere wa penti m'mbalimu. Masamba akafika pamzerepo, basi, apite kwina." Ndinawafunsa chifukwa chomwe sananenere kale. Anangoseka, nati palibe amene anawafunsapo. Ine ndinali nditayamba kale kuganiza zopempha mafani atsopano, zomwe zikanadya ndalama zambiri komanso miyezi yodikira chilolezo.

Lachinayi tinakangana ndi a kumunda. Iwo amati masamba akathyoledwa sangadikire, ndipo n'zoona, poti akakhalitsa m'matumba amapsa. Tinagwirizana kuti mathirakitala asamafike onse nthawi imodzi madzulo, ulendo woyamba uzinyamuka akangoyeza masamba a m'mawa. Ngati zimenezi zipirire mpaka Epulo sindingalonjeze, chifukwa msewu wa kumunda ukaterera dongosolo lonse limasokonekera.

Lachisanu linali la 5S, ndondomeko yosamalira malo ogwirira ntchito: kusesa, kutaya zosafunika, ndi kujambula chithunzi cha sipanala iliyonse pakhoma kuti ikasowa zidziwike msanga. Amakaniko amaikonda pang'ono ntchito imeneyi, ena amati ndi zachibwana.

Loweruka akapitawo aja analemba okha pa bolodi kuti makina anaimabe, koma chifukwa cha magetsi, osati masamba onyowa. Pansi pake anawonjezera vuto lina lomwe sindinawafunse: nkhuni za bulugamu zikulowa mu boyila zili zonyowa, moto sukukwana m'choumitsira. Lolemba tikayambira ku shedi ya nkhuni.