Zolemba za Lachitatu: tsiku la "review" ndi "revise"

Lero m'mawa ndinalandira imelo kuchokera kwa anzanga amene ndimagwira nawo ntchito, yondipempha kuti ndiwathandize pa lipoti lawo la masamba 14. Uthengawo unali m'Chingerezi, ndipo mawu amene ananyamula pempho lonse anali akuti "review". Ndinakhala pa kompyuta maola atatu ndikusintha ziganizo, ndinachotsanso ndime ziwiri zimene ndinaona kuti zikunena chinthu chimodzi, kenako ndinawabwezera lipotilo mtima uli m'malo. Masana anafika pa tebulo langa ali okhumudwa, nandiuza modekha kuti, "Achimwene, ine ndimafuna mungoliwerenga ndi kundiuza maganizo anu, osati kulilembanso." Ndinapepesa, pakuti wolakwa ndinali ine. Iwo anapempha "review", koma chimene ndinachita ine ndi "revise".

Nkhaniyi yandikhala pamtima tsiku lonse, choncho nditaweruka ndinatsegula dikishonale kuti ndiwamvetse bwino mawu awiriwa. Onse ali ndi mphatikiri "re-" kutsogolo, amene amagwira ntchito yofanana ndi "-nso" wathu, monga tikamati kuona ndi kuonanso, ndipo muzu wa onse awiri ndi mneni wa Chilatini wotanthauza kuona. N'chifukwa chake n'kosavuta kuwasokoneza. Kusiyana kwawo kuli pa chimene chimatsatira munthu akatha kuonanso.

Wochita "review" amaunika chinthu kuti anene ngati chili bwino kapena ayi, ndipo chimene amapereka pomaliza ndi maganizo kapena chigamulo, chinthucho n'kuchisiya monga anachipezera. Wasayansi akalemba zimene wapeza, akatswiri anzake amaziunika zisanasindikizidwe, zimene amazitcha "peer review", koma iwo salemba m'malo mwake. Amangomusonyeza pamene pali pofooka. Kukhoti kuli "judicial review", pamene oweruza amaunika ngati lamulo kapena chimene boma lachita chikugwirizana ndi malamulo aakulu a dziko, ndipo ku United States mphamvu imeneyi inakhazikika m'chaka cha 1803 pa mlandu wa Marbury ndi Madison. Ngakhale pamenepo khoti likhoza kuthetsa mphamvu ya lamulo, koma kulemba lina ndi ntchito ya nyumba ya malamulo.

Wochita "revise" ndiye amagwira cholembera n'kusintha. Chitsanzo chimene chandithandiza kwambiri ndi Baibulo lachingerezi lotchedwa Revised Version, lomwe linatuluka mu 1885 akatswiri atakonzanso mawu a Baibulo la King James la mu 1611. Akanakhala kuti anangoliunika, bwenzi atatulutsa ndemanga, koma iwo anatulutsa buku la mawu osinthidwa. Izi ndi zimene ndinachita pa lipoti la anzanga popanda chilolezo chawo, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake zinawapweteka, pakuti munthu amene watopa ndi kulemba amafuna kuti zolembazo zikhalebe zake.

Palinso kusiyana kwa mayiko kumene kumawonjezera chisokonezo. Wophunzira wa ku London akamabwereza zimene anaphunzira pokonzekera mayeso amati akuchita "revise", pomwe mnzake wa ku New York pa ntchito yomweyo amati "review". Apa "revise" sakutanthauza kusintha kanthu, koma kubwereza chabe.

Ndinayang'ananso mawu ena a m'banja lomweli. "Reconsider" amanena za m'maganizo, monga pamene munthu akupemphedwa kulingaliranso chimene anasankha kale. "Recheck" ndi opepuka, oyenera pamene ukungotsimikiza kuti manambala sanalakwike. "Re-examine" ndi olemera kuposa amenewa, chifukwa amasonyeza kuti kuunika koyamba kunachitika koma sikunakwanire, ndipo m'makhoti otsatira njira ya ku England amatchula nawo gawo limene loya amafunsanso mboni yake, loya wa mbali ina atatha kuipanikiza ndi mafunso. Amene andichititsa chidwi kwambiri ndi "recount", omwe ali ndi matanthauzo awiri osagwirizana: kuwerenganso, monga zinachitikira ndi mavoti a ku Florida pa chisankho cha pulezidenti wa United States m'chaka cha 2000 pamene George W. Bush anaposa Al Gore ndi mavoti 537 okha, komanso kusimba nkhani. Ndazindikiranso kuti si "re-" aliyense amene amatanthauza kubwereza, pakuti "research" ndi kufufuza mozama, ngakhale munthu akufufuza chinthucho koyamba.

Ndisanagone ndabwezeretsa lipotilo monga linalili, pamodzi ndi ndime ziwiri zija, ndipo zonse zimene ndinasintha ndazilemba m'mphepete ngati ndemanga 23, kuti mwini wake asankhe zimene akugwirizana nazo. Pa ndime zobwerezazo ndalemba chifukwa chimene ndikuonera kuti imodzi ingakwanire. Ndawatumizira pamodzi ndi mawu opepesa kachiwiri, ndipo ayankha kuti aziwerenga mawa m'mawa, ndiye tidzakhala pansi kukambirana za tsamba 9, pamene manambala a m'tebulo sakugwirizana ndi a m'mawu otsatira.