Kugeti kukakhala zii, ndi mtendere kapena waya waduka?

Ndakhala miyezi itatu ndikuphunzira ntchito m'manja mwa mmisiri wina woika zipangizo zachitetezo: makamera, maalamu ndi ma intakomu. Sabata yathayi tamaliza ntchito pa famu ina m'boma la Thyolo, ndipo ndati ndilembe zomwe ndatolako zisanazilale m'mutu.

Geti lalikulu la famuyo lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 2 kuchokera ku ofesi ya alonda. Pagetipo pali intakomu yoyankhulirana ndi ku ofesi, batani loti mlonda adine zinthu zikavuta, ndi kaswitchi kodziwitsa kuti geti latsegulidwa. Zonsezi zinkayenda pa waya wamkuwa wokwiriridwa pansi. Mlonda wina wachikulire, amene wakhala pagetilo zaka zambiri, anatiuza kuti dzinja lililonse intakomu inkapsa. Ngakhale nthawi yachilimwe, mawu ankamveka limodzi ndi kaphokoso kong'ung'udza ngati njuchi zili m'botolo. "Usiku ndikaitana, ku ofesi amangoti bwerezani, bwerezani," anatero bambowo. Mawu amenewo ndinayenda nawo masiku onse a ntchitoyi, chifukwa munthu amene akuona anthu achilendo akudula mpanda alibe mpata wobwereza.

Ntchito yathu inali kuika faiba, chingwe cha galasi chonyamula uthenga ndi kuwala, m'malo mwa waya wamkuwawo. Kusukulu ndinaloweza kuti faiba siopa mphenzi, koma chifukwa chake ndachimvetsa nditaona bolodi yakupsa ili m'manja mwanga. Waya wamkuwa wautali chonchi umakhala ngati mlongoti wa wailesi wogonekedwa pansi. Mphenzi sichita kufunika kuugwera. Ikangogwa chapafupi, mphamvu yake imalowa m'wayamo n'kuthamangira ku mapeto onse awiri, kumene kuli tizipangizo tosalimba. Kaphokoso kong'ung'udza kaja nako kali ndi gwero lake. Magetsi athu amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi, ndipo geti ndi ofesi zikakhala kuti chilichonse chili ndi ethi yakeyake (waya wolumikiza zipangizo ku nthaka), kusiyana kwa mphamvu pakati pa malo awiriwo kumayenda m'waya wa mawu womwewo. Faiba ndi galasi, ndipo m'kati mwake mumayenda kuwala basi. Mphenzi ilibe pogwira, ethi ziwirizo sizikumananso.

Nditasenda faiba koyamba ndinadabwa kuchepa kwake. Galasi lonse ndi ma micron 125 (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), kukula ngati tsitsi limodzi, ndipo njira yeniyeni ya kuwala mu faiba ya single-mode, mtundu umene tinagwiritsa ntchito, ndi ma micron 9 okha. Amene anasonyeza kuti galasi loyeretsedwa bwino lingatenge uthenga mtunda wautali ndi Charles Kao ndi George Hockham, m'chaka cha 1966 ku Harlow, ku England. Iwo anati kuwala kukamatayika osapitirira ma dB 20 pa kilomita (dB ndi muyeso wa kutayika kwa kuwalako), ntchito itheka. Kampani ya Corning inafika pamenepo mu 1970, ndipo Kao analandira mphoto ya Nobel mu 2009. Lero faiba imene tinakoka ku Thyolo imataya pafupifupi 0.35 dB pa kilomita. Makilomita athu awiriwa kwa iyo ndi pakhomo pomwepa.

Funso limene linkandizunguza linali lakuti mawu a munthu ndi kudina kwa batani zimalowa bwanji m'kuwala kumodzi. Kumbali iliyonse timaika kabokosi. Kamatenga mawu ochokera ku maikolofoni, n'kumawayeza mofulumira kwambiri, muyeso uliwonse n'kusanduka nambala. Pa mawu a mulingo wa telefoni, amayezedwa maulendo 8,000 pa sekondi, muyeso uliwonse ma bit 8 (bit ndi 0 kapena 1), kutanthauza ma bit 64,000 pa sekondi. Alamu ndiye yosavuta, chifukwa switchi ili ndi mayankho awiri okha, yatseka kapena yatseguka. Amisiri amati dry contact, chifukwa payokha siitulutsa magetsi. Kabokosi kamalongedza manambala a mawu pamodzi ndi yankho la switchi iliyonse, laser, kanyali kotumiza kuwala m'faiba, n'kumaphethira motsatira manambalawo. Kutsidya kabokosi kena kamamasula katunduyo: mawu ku spika, yankho la switchi ku relay (kaswitchi koyendetsedwa ndi magetsi), ndipo relay imatseka kapena kutsegula motsanzira switchi ya kugeti.

Kuti anthu awiri aziyankhulana nthawi imodzi, wina osadikira mnzake, pamafunika njira ziwiri. Ukhoza kugwiritsa ntchito faiba ziwiri, ina yopita ina yobwera. Ife tinagwiritsa ntchito imodzi, kuwala kwa mitundu iwiri: kwa 1310 nm kupita uku, kwa 1550 nm kubwerera uko (nm ndi muyeso wa kutalika kwa funde la kuwala). N'chifukwa chake mabokosiwa amagulidwa awiriawiri, lina lolembedwa A, lina B. Ukaika A mbali zonse ziwiri, onse amayankhula pa mtundu umodzi n'kumamvetsera pa mtundu umene palibe akutumiza. Abwana anandiyesetsa zimenezi pa tebulo tisananyamuke, kuti ndione ndi maso nyali ya link, yosonyeza kuti mabokosi akumvana, ikukana kuyaka.

Mawu opita mbali zonse ali ndi vuto lakelake. Spika ikakhala pafupi ndi maikolofoni, mawu otuluka amalowanso, n'kuzungulira mpaka kulira kwa tswiii. Tinathera theka la tsiku tikutsitsa ndi kukweza mphamvu ya mawu, kenaka ku ofesi tinaikako chogwirira cha m'manja ngati cha telefoni, vuto n'kutha. Poyamba ndinkaona ngati mawu ndi chinthu chongowonjezera pa alamu. Alonda anandisintha maganizo. Alamu imangonena kuti kwachitika kanthu. Kaya ndi galimoto ya masamba yachedwa kubwera, kaya ndi munthu wadwala, kaya ndi akuba, zimenezo amanena ndi mawu, ndipo ndi zimene zimauza a ku ofesi kuti atume munthu mmodzi, atume gulu, kapena aimbire apolisi.

Tisanakoke chingwe tinawerengera kuwala kumene kudzatayike panjira. Makilomita 2 pa 0.35 ndi 0.7 dB. Malo 4 olumikiza ndi makina owotcherera galasi, aliwonse 0.1, ndi 0.4 dB. Makonekita awiri, iliyonse 0.5, ndi 1.0 dB. Zonse pamodzi 2.1 dB. Titayeza ndi mita tinapeza kuti kukutayika kopitirira kawiri pamenepo. Ine mtima unali kale pa zokumba ngalande kufunafuna pamene chingwe chapindika. Abwana anangotulutsa kopukutira, n'kupukuta nsonga ya konekita ya SC imene ndinaigwira ndi chala pomanga. Nambala inatsika pomwepo. Pa njira ya ma micron 9, kafumbi kamodzi kapena mafuta a chala ndi chimwala chotseka msewu. Kuyambira tsiku limenelo sindilumikiza konekita ndisanaipukute, ndipo sindisuzumira m'nsonga ya faiba, chifukwa kuwala kwa 1310 ndi 1550 sikuoneka koma kumatha kuwononga diso. Tizidutswa ta galasi timene timatsala podula timatolera m'kabotolo. Tikalowa m'khungu sitioneka.

Tsopano ndifike pa chimene chandipangitsa kulemba.

Tsiku lomaliza ndinalumikiza zonse ndekha. Ndinadina batani kugeti, sailini ku ofesi inalira. Ndinatsegula geti, nyali inayaka. Mawu ankamveka mbee, opanda njuchi zija. Ndinaitana abwana kuti adzaone, mtima uli m'malo. Iwo sanadine batani lililonse. Anapita kuseri kwa kabokosi ka ku ofesi, n'kuzula faiba, n'kuima chete atagwira kachingweko m'manja.

Palibe chinalira.

"Mphwanga," anatero, "pano ndine wakuba, ndadula chingwe chako kumunda kuja. Amene ali mu ofesi muno akudziwa chiyani?"

Sakanadziwa kanthu. Sailini ili chete, ngati mmene imakhalira usiku wamtendere. Mlonda kugeti akanadina batani mpaka chala kupweteka, akukhulupirira kuti anzake ali m'njira, pamene ku ofesi anthu akumwa tiyi. Ndinaganiza za bambo aja, ali okha pakati pa minda ya tiyi 2 koloko usiku, ndipo thupi linachita tsembwe. Ndinali nditalumikiza moti relay izitseka pokhapokha batani likadinidwa. Njira ikafa, relay imangokhala mmene inalili, ndipo kukhala chete kwa waya woduka kumafanana ndendende ndi kukhala chete kwa mtendere.

Tinatembenuza zonse. Tsopano zinthu zikakhala bwino, switchi ya kugeti imakhala yotseka, ndipo relay ya ku ofesi imakhala yogwiridwa ndi mphamvu nthawi yonse. Ili ngati munthu amene wanyamula mtsuko pamutu: chilichonse chikamuchitikira, mtsuko umagwa ndipo aliyense amamva. Batani likadinidwa, relay imasiya. Faiba ikaduka, imasiya. Magetsi akatha kugeti, imasiya. Kabokosi kakafa, imasiyanso. Kenaka tinatenga potulukira pena pa kabokosiko, pamene pamadziwitsa kuti kuwala kwasowa, n'kupalumikiza ku zoni, kapena kuti gawo, yakeyake pa panelo, bokosi la ku ofesi lolandira maalamu onse, kuti alonda azisiyanitsa kuitana kwa mnzawo ndi kuduka kwa njira. Zonse ziwiri zimafuna kuti munthu apite kugeti, koma amapita akudziwa zosiyana.

Pali kena kamene ndinakazindikira madzulo ake ndikujambula dongosolo lonse m'kope. Pa alamu ya waya wamkuwa timaika resistor, kachipangizo kochepetsa mayendedwe a magetsi, kumapeto kwa waya, panelo n'kumayeza nthawi zonse. Wina akadula waya kapena kugunditsa nsonga zake ziwiri kuti anamize panelo, muyeso umasintha ndipo alamu imalira. Koma mabokosi athuwa amangonyamula yankho lakuti yatseka kapena yatseguka, muyeso wa resistor suwoloka pa galasi. Ndiye kuti resistor ya ku ofesi imangolondera kawaya kakafupi ka pakati pa relay ndi panelo. Kawaya ka kugeti, kochokera pa batani kufika m'kabokosi, wina atakagunditsa, ku ofesi kungaoneke ngati zonse zili bwino. M'mawa ndinawafunsa abwana. Anagwedeza mutu, nati n'chifukwa chake kabokosi tinakaika pafupi kwambiri ndi batani, waya tinaulowetsa m'paipi yachitsulo, ndipo chitseko cha kabati tinachiikira switchi yakeyake yolira wina akatsegula. Ndinali nditachita zonsezi ndi manja anga osadziwa chifukwa chake.

Faiba ili ndi zofooka zake, ndipo sindifuna kuti wina awerenge izi n'kuganiza kuti ndi mankhwala a chilichonse. Siinyamula magetsi. Intakomu yakale inkadya kuchokera ku ofesi pa waya womwewo, koma tsopano kugeti kukufunika mphamvu yakeyake, choncho tinaikako batire ndi sola. Batire imeneyo ikatha, galasi labwino lija ndi chingwe chabe. Chingwe chimene tinasankha chilibe chitsulo chilichonse m'kati, chifukwa chokhala ndi chitsulo choteteza chikhoza kuitananso mphenzi imene tikuithawa ngati sichinalumikizidwe bwino ku ethi. Koma chopanda chitsulo chimaopa makoswe ndi khasu, ndiye tinachilowetsa m'paipi, pamwamba pake n'kuyala tepi yochenjeza wokumba. Akuba nawo, ngakhale galasi alibe kokaligulitsa, amatha kudula poyesa kuti muli mkuwa. Ndipo ikaduka sungaipotokole ndi pulayala ngati waya wamba, pamafunika makina olumikizira ndi munthu wodziwa. N'chifukwa chake tinakoka chingwe cha faiba 4 ngakhale tikugwiritsa ntchito imodzi, ndipo tinasiya chotsala chokulunga m'maenje oyenderamo.

Tisanachoke tinaphunzitsa alonda kuyesa okha. Pa kusinthana kulikonse, wa kugeti aziitana ku ofesi, amve yankho, adine batani, wa ku ofesi atsimikize ndi mawu kuti sailini yalira, alembe m'buku. Kamodzi pa mwezi, mkulu wa alonda azizimitsa kabokosi ka kugeti kuti aone ngati zoni ya kuduka kwa njira ikulira. Mlonda wachikulire uja anapempha kuti ayese yekha ife tikadalipo. Anazimitsa, tinadikira, ndipo wailesi ya m'manja ya abwana inalankhula kuchokera ku ofesi kuti nyali yofiira yayaka ndipo belu likulira. Anayatsanso, n'kudina intakomu.

"Mukundimva kumeneko?"

"Tikukumvani bwinobwino, bambo."

Mvula yoyamba ikuyembekezeka mwezi wamawa, ndipo abwana andiuza kuti ikadzagwa yamabingu, ndidzapite ndekha kukayeza kuwala ndi kuona mmene batire ikugwirira.