Sabata ya zigaza, ndowe ndi tsabola

Ndimaphunzitsa ana a chaka chachitatu pa yunivesite ina muno mu Lusaka, amene akuchita digiri ya za nyama zakutchire ndi kasamalidwe kake. Lolemba tinatulutsa zigaza m'makabati n'kuziyala patebulo zopanda mayina, kuti aliyense anene chimene nyamayo inkadya pongoona mano. Cha fisi sanavutike nacho, mano okhuthala oswera mafupa aja amadziwika okha. Cha ngoma ndicho chinawazunguza. Mtsikana wina anati mano akutsogolo a m'mwamba anaguluka posunga. Ayi ndithu, nyama zobzikula zilibe mano amenewo, chimodzimodzi mbuzi ya kumudzi. Tinathera nthawi yambiri pa dzino la njovu, lolemera moti ena analinyamula ndi manja awiri. Njovu imamera mano otafunira kasanu ndi kamodzi pa moyo wake, atsopano akukankha akale kuchokera kumbuyo. Omaliza akaperepeseka, itakwanitsa zaka za m'ma 60, imalephera kutafuna ndipo imayamba kuwonda.

Lachitatu tinapita ku Lusaka National Park, kumwera chakum'mawa kwa mzinda. Pakiyi inatsegulidwa mu 2015, ndi yaing'ono ndiponso yotchingidwa ndi waya, choncho ndi yabwino pophunzirira. Ana anatsika m'basi mafoni ali m'manja, kufuna kujambula mbidzi. Ine ndinawapatsa chingwe choyezera, GPS ndi mapepala. Ntchito inali kuyenda mzere wowongoka, kuwerenga milu ya ndowe, n'kulemba kuti mulu uliwonse watalikira bwanji ndi mzerewo, kuti tiyerekeze kuchuluka kwa nyama. Nkhope zinagwa. Koma nyama ikakumva imathawa, ndowe sizithawa. Chovuta n'chakuti m'chilimwe ndowe zimauma n'kukhalitsa, pomwe m'dzinja mvula, chiswe ndi tizilombo togubuduza ndowe tija zimazimaliza msanga. Wosadziwa zimenezi adzalengeza kuti nyama zachepa, chonsecho ndi nyengo imene yasintha. Gulu lina linkapatuka likafika pa minga, mzere wawo n'kukhota. Ndinawabweza akayambirenso, kaya anandinena zotani kumbali.

Lachinayi linali la makompyuta, kulowetsa manambala aja mu pulogalamu yowerengetsera masamu yotchedwa R. Ambiri anasankha digiri imeneyi pothawa masamu, ndiye m'chipindamo munali zii.

Lachisanu masana anagogoda mnyamata wa ku Mfuwe, wofatsa, amene m'kalasi sayankhula.

"Aphunzitsi, ndimafuna kusintha mutu wa kafukufuku wanga."

Poyamba analemba za mikango, monga amachitira ambiri, osaganiza kuti kolala imodzi yolondolera mkango ndi ndalama zoti wophunzira sangazione. Tsopano akufuna kuyesa mipanda ya tsabola, ija alimi a m'chigwa cha Luangwa amapaka tsabola wosakaniza ndi oyilo wakale pa zingwe ndi nsanza kuti njovu zisalowe m'munda. Chimanga cha amayi ake chinatha usiku umodzi. Funso lake n'lakuti fungolo limatha pakapita masiku angati mvula ikagwa.

Ine mutu umenewu ndaukonda kuposa wa mikango. Zambia ili ndi mapaki 20, koma madera 36 a Game Management Area, kumene anthu amalima moyandikana ndi nyama, ndiwo aakulu kuposa mapakiwo. Lamulo la 2015 lija linathetsa ZAWA, bungwe limene linkayang'anira nyama zakutchire, n'kupereka ntchito ku Department of National Parks and Wildlife ku Chilanga limazindikiranso ma Community Resources Board, mabodi oimira anthu a m'midzi pa nkhani za nyama ndi zachilengedwe, ndipo ambiri mwa ana athuwa akadzalembedwa ntchito adzakhala pa misonkhano ya mabodi amenewo, kuyankha anthu okwiya.

Ndinamuuza achepetse minda, chifukwa pa njinga sangaizungulire yonse, ndiponso asiye ina yopanda tsabola yoti adzayerekezere.

"Nanga eni minda yopanda tsabolayo ndikawauza chiyani njovu zikalowa?"

Pamenepo tinakhala mpaka ofesi kutsekedwa. Tagwirizana kuti asachotse mpanda wa munthu aliyense, angofufuza minda imene eni ake sagwiritsa kale tsabola, ndipo ayambe wakaonekera kwa amfumu. Abweranso Lachiwiri ndi bajeti.