Mapale a mitsuko ya Aroma anandinamiza

Mwezi uno ndakhala ndikulimbana ndi mitsuko ya Aroma, imene m'mabuku amaitcha amphora. Poyamba ndinkangoloweza manambala ake monyinyirika. Anaisanja m'magulu ndi Heinrich Dressel, katswiri wa ku Germany, mu 1899, ndipo yambiri timaitchulabe ndi dzina lake. Koma nditafika pa Dressel 20, tulo tinabalalika.

Ndi chimtsuko chamimba yobulungira, cha zogwirira ziwiri zonenepa. Chopanda kanthu chinkalemera makilogalamu pafupifupi 30, ndipo ankathiramo mafuta a azitona okwana makilogalamu ngati 70. Ankachiumba m'mbali mwa mtsinje wa Guadalquivir, pakati pa Córdoba ndi Sevilla, kum'mwera kwa Spain. Komatu mapale ake amafukulidwa kutali, m'misasa ya asilikali ya m'mphepete mwa mtsinje wa Rhine ndi pa khoma la Hadrian ku Britain, kozizira koti azitona sangabereke. Pa chogwirira pamakhala chidindo, ndipo kumtunda kwa mtsuko ankalembako ndi utoto kulemera kwake, kulemera kwa mafuta, ndi dzina la wamalonda. Mtsuko womwewo, lisiti lomwelo. Akatswiri amakanganabe ngati linali boma lotumiza mafutawa kwa asilikali kapena amalonda ongotsata komwe kuli malipiro.

Chifukwa chotengeka, ndinalemba mu ntchito yanga ya kusukulu kuti msilikali wa Roma ankadalira mafuta, vinyo ndi msuzi wa nsomba zofufumitsa wotchedwa garum, poti ndi zimene zinkabwera m'mitsuko. Pepala litabwerako, m'mbali munali funso la inki yofiira: "Nanga tirigu?" Manyazi anandigwira.

Tirigu ndiye anali chakudya chenicheni. Polybius, Mgiriki wakale wolemba mbiri, analemba kuti msilikali woyenda pansi ankalandira muyeso wake mwezi uliwonse, umene masiku ano amauwerengera kuti ndi makilogalamu oposa pang'ono 25, ndipo asilikali ankapera okha pa mphero yamanja. Kungoti tirigu ankayenda m'matumba, ndipo thumba limawola. Migolo yamatabwa ya vinyo ndi mowa nayonso yambiri inawola, pomwe dongo lowotcha limakhala zaka 2,000 osasintha. Ine ndinawerenga zimene zinatsala m'nthaka n'kuziyesa zimene zinkadyedwa kwambiri.

Tsopano ndayamba kuwerenga timatabwa ta makalata ta ku Vindolanda, msasa wa asilikali a Aroma pafupi ndi khoma la Hadrian, timene tinayamba kupezeka mu 1973. Pa kena, msilikali wina waudindo dzina lake Masclus akuuza mkulu wake kuti anzake alibe mowa, chonde atumize. Ndime imeneyo ndailemba kale m'kope, ilowa mu ntchito yobwerezayi.