Zomwe ndaphunzira pa seva ya imelo yosunga chinsinsi kuno kuchigwa

Woyamba kumene kuphunzira za seva ya imelo amaganiza zoika kompyuta pakona ya nyumba yake. Kuno kuchigwa musayese n'komwe. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha ku Ngabu ndi ku Nsanje kumapitirira madigiri 40, ndipo magetsi tikuwadziwa tonse: namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, kuzimazima kunatenga miyezi. Seva yanu ikazima, ya wotumiza imayesabe kwa masiku pafupifupi 5, kenako kalata imabwerera kwa mwini wake. Komanso intaneti ya pafoni sikupatsani adiresi ya IP (nambala yozindikiritsa makina anu pa intaneti) yokhazikika. Ndiye mumachita lendi VPS, seva yokhala ku kampani ina yomwe mumaiyendetsa kudzera pa intaneti. Ya RAM ya 2 GB imakwanira anthu makumi angapo, monga a kalabu ya alimi a nzimbe ku Nchalo. Musanalipire funsani ngati port 25 (khomo lodutsira makalata pakati pa ma seva) ndi yotsegula, poti makampani ambiri amaitseka kwa makasitomala atsopano.

Kuika mapulogalamu sikuvuta kwenikweni. Postfix imatumiza ndi kulandira, Dovecot imaonetsa makalata pafoni kudzera pa port 993, Rspamd imasefa zinyalala. Satifiketi ya Let's Encrypt, yotsimikizira kuti seva ndi ya dzina lanudi, imatha pakapita masiku 90, choncho ikhale yodzikonzanso yokha.

Pothetsa nzeru ndi pa DNS, kaundula wolumikiza dzina lanu la pa intaneti ndi makina anu, momwe muyenera kulembamo zinthu zingapo. MX imalozera dziko ku seva yolandira makalata anu. SPF imanena makina ololedwa kutumiza m'dzina lanu. DKIM imasayina kalata iliyonse, kiyi yake ikhale ya ma bit 2048. DMARC imauza olandira chochita ndi kalata yolephera SPF ndi DKIM; muyambe ndi p=none, kutanthauza kuti asachite kanthu, kuti muone kaye malipoti musanakhwimitse. Yoiwalika kwambiri ndi PTR, yolumikiza IP ndi dzina la seva, chifukwa siikidwa kumene munagula dzina koma kwa mwini VPS. Ikasiyana ndi dzina la seva, makalata amakanidwa kapena kugwera mu spam. Kuyambira Febuluwale 2024, Gmail ndi Yahoo anakhwimitsa malamulo amenewa.

Za chinsinsi, anthu auzidwe zoona. TLS imabisa kalata ili panjira basi. Ikafika, amene ali ndi root, mphamvu zonse pa seva, angathe kuiwerenga, ndipo ameneyo ndinu. Mail-crypt ya Dovecot imathandiza ngati kiyi ya munthu aliyense yatsekedwa ndi pasiwedi yake, koma akaiiwala makalata apita, simungamuthandize. PGP imabisa uthenga, koma wotumiza, wolandira ndi nthawi zimaonekabe. Ine ndimaona kuti kulonjeza zoposa pamenepa n'kunamiza anthu. Ma log, omwe ndi zolemba za seva pa zonse zochitika, amasunga IP ya aliyense, ndiye azifufutika pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Lamulo la Data Protection Act la 2024, lomwe MACRA imayang'anira, likukhudzaninso, popeza mukusunga zinthu za eni ake.

Chimene chimagwetsa ma seva ang'onoang'ono nthawi zambiri si akatswiri oba ayi. Ndi foni yobwerekana m'banja, yosiyidwa potchajitsa pamsika, kapena pasiwedi yomwe ndi nambala ya foni. Akaunti imodzi ikabedwa, usiku umodzi imatumiza makalata achinyengo masauzande, IP yanu n'kulowa pa mndandanda wa Spamhaus wa otumiza zinyalala, onse n'kuvutika. Ikani malire, mwina makalata 100 pa ola pa akaunti, ndipo fail2ban izitsekera oyesa mapasiwedi. Backup (kope la makalata onse) ikhale yobisidwa, isungidwe ku kampani ina, ndipo kamodzi pamwezi yesani kubwezeretsa bokosi limodzi muone ngati likutseguka.