Dishi yokha sinali yokwanira kwa Sky

Abale anga a kuno ku UK amene mumalipira TV ndi intaneti ya Sky pa bilu imodzi, nkhaniyi inayamba mu 2005, pomwe BSkyB (dzina la kampani ya Sky pa nthawiyo) inagula Easynet, kampani yopereka intaneti, pa mtengo wa £211 miliyoni. Dishi imangolandira, situmiza kanthu. Pomwe NTL ndi Telewest, omwe pano ndi Virgin Media, ankafikitsa TV, foni ndi intaneti m'nyumba kudzera pa mawaya awo. Sky ikanangokhala chete, makasitomala akanathawa.

Mu 2006 inayamba kupereka intaneti yaulere ya liwiro lochepa kwa olipira TV, ndipo apo ndimaiyamikira. Koma kugulanso intaneti ya m'nyumba ya O2 mu 2013 kumandidetsa nkhawa, chifukwa kunatichepetsera kosankha ife ogula.