Kugona m'hotelo za nyumba zakale ku London: sankhani chipinda, osati dzina

Ku London kuli mahotelo ena oti mungadutse pakhomo pake osadziwa kuti ndi hotelo. Chitseko chopaka penti wakuda, kachikwangwani kamkuwa pambali, basi. Izi zinali nyumba za mabanja olemera, zomangidwa mogundizana m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800 m'madera monga Bloomsbury, Marylebone, Kensington ndi Belgravia. Eni hotelo amatenga nyumba ziwiri kapena zitatu zoyandikana, n'kuboola makoma, n'kukonza zipinda zogona zosachuluka. Taganizirani Mandala House ataisandutsa malo ogona alendo, koma yopanikizika m'mbali ndi yosanjikizana kanayi kapena kasanu. Usiku umodzi umadya mapaundi mazanamazana, choncho munthu wa kuno ku Blantyre, amene wathamanga m'mabanki kuti apeze ndalama zakunja, ayenera kudziwa chimene akulipira.

M'hotelo yaikulu chipinda 204 chimafanana ndi 304. Muno ayi. Nyumbazi anazimanga motsata udindo wa anthu okhalamo, ndipo mpaka lero zipinda zikutsatabe dongosolo lomwelo. Nsanjika yoyamba, pamwamba pa khomo lolowera, ndi pamene panali balaza la eni nyumba: denga lalitali, mawindo aatali olowetsa kuwala kokwanira. Zipinda zabwino zili pamenepo, ndipo zithunzi zokopa za pa intaneti kawirikawiri amazijambulira pomwepo. Pamwamba penipeni pankagona antchito ndi ana, ndiye denga lake ndi lotsika, nthawi zina lopendekera moti wamtali amagunda mutu. Pansi pa nthaka panali khitchini. Mukaona mawu akuti lower ground posungitsa malo, dziwani kuti windo lanu liziyang'ana khoma ndi nsapato za odutsa mumsewu. Mtengo wake umatsika pachifukwa chimenecho.

Zambiri mwa nyumbazi ndi zotetezedwa ndi lamulo ngati zinthu zakale, ndipo mwini sangasinthe masitepe kapena mawindo popanda chilolezo. Apa ndi pamene pamachokera madandaulo ambiri a alendo. Chikepe mwina kulibe, mwina chilipo koma chaching'ono cha anthu awiri ndipo sichifika pansanjika yomaliza. Sutukesi ya makilogalamu 23 pamasitepe opanikiza si nkhani yamasewera, makamaka ngati mwatenga mayi kapena bambo okalamba. Mawindo ambiri ndi agalasi limodzi, okankhira m'mwamba, ndipo phokoso la mabasi limalowa. Pemphani chipinda chakumbuyo, choyang'ana kumunda. Makina oziziritsa mpweya nawo sali m'zipinda zonse. Ena amaganiza kuti ku Mangalande kumangozizira, koma mu Julaye 2022 kunatentha kufika madigiri 40, ndipo chipinda chapamwamba pa nyumba yanjerwa chimasunga kutentha usiku wonse.

Musanalipire, tumizani imelo ku hoteloyo. Funsani nsanjika imene chipindacho chili, ngati chikepe chimafikako, kukula kwa chipindacho m'mamita, ndi kukula kwa bedi. Chipinda chosakwana masikweya mita 15 chimadzadza mukangotsegula masutukesi awiri. Bedi limene iwo amalitcha double ndi la masentimita 135 m'lifupi, pamene king ndi 150. Popeza mahotelowa ndi aang'ono, amayankha ndi munthu amene amadziwa chipinda chilichonse, ndipo mukapempha mwaulemu nambala yeniyeni ya chipinda nthawi zambiri amailemba. Uwu ndiwo ubwino wawo weniweni, woposa sopo wonunkhira ndi makatani olemera.

Nkhani ya viza isaiwalike. Wa pasipoti ya Malawi amafunika viza ya UK, ndipo yankho limatenga pafupifupi masabata atatu mukapereka zidindo za zala. Mahotelo amakhala ndi mitengo iwiri: wotsika wosabweza ndalama, ndi wokwererako umene umakulolani kufafaniza malo amene mwasungitsa. Viza isanatuluke, tengani wachiwiriwo.

Kadi ya banki ndiye imapusitsa ambiri. Polowa, hotelo imatsekera ndalama zina pakadi yanu ngati chikole cha zimene mungadye kapena kuwononga, kuwonjezera pa mtengo wa chipinda. Pakadi yotenga ndalama mwachindunji mu akaunti, chikolecho chimachotsedwa pa zimene mungagwiritse ntchito, ndipo chimatha kutenga masiku angapo kuti chibwerere mutatuluka kale. Mabanki athu amaikanso malire a ndalama zimene kadi ingawononge kunja. Pitani kunthambi ya banki yanu musananyamuke, auzeni masiku a ulendo, funsani malirewo, ndipo funsaninso hotelo kuti chikole ndi mapaundi angati pa usiku.

Kuchokera ku Chileka mudzera ku Addis Ababa kapena Johannesburg, ndipo ndege zambiri zimatera pabwalo la ndege la Heathrow ku London m'mamawa. Chipinda amapereka cha m'ma 3 koloko masana. Katundu amakusungirani ulele, koma ngati mukufuna kusamba ndi kugona mukangofika, lipiraninso usiku wa dzulo lake ndi kuwauza nthawi yofikira, kuopa angaganize kuti simunabwere n'kupereka chipindacho kwa wina. Wopita ku Bloomsbury akwere sitima ya Piccadilly line mpaka Russell Square, ulendo wa pafupifupi ola limodzi. Sitima ya Heathrow Express imafika pasiteshoni ya Paddington m'mphindi 15 koma ndi yodula. Pulagi ndi yofanana ndi yathu ya mano atatu, magetsi ndi 230V, ndiye tchaja yanu igwira ntchito momwe ilili.

M'mahotelo ambiri otere muli balaza la alendo lokhala ndi mabotolo a zakumwa popanda wogulitsa. Mumadzithirira nokha n'kulemba papepala nambala ya chipinda. Si zaulele. Kadzutsanso nthawi zambiri salowa mu mtengo wa chipinda pokhapokha zitalembedwa. Msonkho wa VAT wa 20 peresenti umakhala uli kale mu mtengo umene akuonetsani, koma pachakudya amakonda kuwonjezera 12.5 peresenti ya operekera, ndipo mahotelo ena amaikanso kena kotere pachipinda. Ndalama imeneyi si yokakamiza, mutha kupempha kuti aichotse. Pemphani bilu madzulo a tsiku lomaliza kuti muiwerenge modekha, chifukwa chipinda amafuna muchituluke pofika 11 kapena 12 koloko.